HA-19 ya FineMolds pa sikelo ya 1/72: bokosi labwino, koma sitima ya ulendo wa mabondi mudzaimalizitsa nokha

Kampani ya FineMolds ya ku Japan imapanga kasitima kapulasitiki komata pamanja ka sabumarini yaing'ono ya Ajapani ya mtundu wa Type A, pa sikelo ya 1/72, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kasitimaka ikuimira masentimita 72 pa sitima yeniyeni. Kamabwera m'mabokosi awiri osiyana, la Pearl Harbor ndi la Sydney, ndipo limene tikuunika pano ndi la Pearl Harbor. Ndi bokosi loyenera ndalama zake. Zidutswa zake n'zoumbidwa mwaukhondo, si zochuluka, ndipo munthu amene anamatapo ndege imodzi kapena ziwiri zapulasitiki sangalephere. Koma limakupatsani sitima ya HA-19 monga inalili m'mawa wa pa 7 Disembala 1941, tsiku limene Japan inaukira doko la Pearl Harbor ku Hawaii pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, isanachite kanthu. HA-19 imene anthu anaidziwa, ija inazungulira mizinda ya ku America itakwera ngolo ya lole ikusonkhetsa ndalama za nkhondo, mulibe m'bokosimo. Kuti ituluke pamafunika mpeni, tupa ndi kuleza mtima, ndipo ntchito imeneyo ndiyo chifukwa chachikulu chogulira bokosili.

Masabumarini akuluakulu asanu a Japan anafika pafupi ndi khomo la doko la Pearl Harbor, iliyonse itabereka kasitima kamodzi kumsana. HA-19 inamasulidwa ku I-24, muli anthu awiri, Kazuo Sakamaki ndi Kiyoshi Inagaki. Kampasi yake inali yowonongeka isananyamuke n'komwe. Inagunda miyala ya pansi pa nyanja kangapo, sitima ya nkhondo ya America ya USS Helm inaiwombera, mpweya woipa wa mabatire unakomola anthu awiriwo, ndipo matopido ake awiri sanaponyedwe. Bomba limene anayatsa kuti aiphulitse silinaphulike. Inagaki anamira, Sakamaki anakokoloka mpaka kugombe la Waimanalo, n'kugwidwa pa 8 Disembala. Ndiye msilikali woyamba wa Japan amene America inagwira pa nkhondoyo. Sitimayo anaikokera kumtunda, anaimasula n'kuifufuza, kenako mu 1942 anaitumiza ku Mare Island ku California, kumene Pulezidenti Roosevelt anaiona mu Seputembala. Anaboola timazenera m'mbali mwake, anaika zidole ziwiri zovala ngati asilikali m'katimo, n'kuikweza pa ngolo yaitali. Wofuna kusuzumira ankagula masitampa a nkhondo kapena bondi, pepala losonyeza kuti wabwereketsa boma ndalama. Bondi yotchipa kwambiri inali madola 18.75, ndipo boma linkabweza madola 25 pakatha zaka khumi; masitampa ankayambira pa masenti 10, kuti ndi mwana wasukulu yemwe athe kuikapo kake. Pa 3 Epulo 1943 inafika ku Washington. Lero ili ku National Museum of the Pacific War ku Fredericksburg, Texas, kumene inapita mu 1991 itakhala zaka zambiri ku Key West.

Mukatsegula bokosi musayembekezere chinthu chachikulu. Sitima yeniyeni inali mamita 23.9 m'litali ndi pafupifupi 1.85 m'mimba mwake, choncho pa 1/72 mukupeza chinthu cha masentimita 33, chonenepa ngati masentimita awiri ndi theka. Chimakwana pa shelefu ya mabuku. Guluu ndi utoto mulibe, mugula padera. Malangizo ambiri ali m'Chijapani, koma zithunzi ndi manambala a zidutswa zimamveka zokha. Tsukani zimango zonse m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, muziumitse pamthunzi, chifukwa mafuta a m'chikombole akatsala utoto umakanika kugwira. Podula zidutswa pa chimango gwiritsani kodulira zikhadabo ngati mulibe kapulayazi kakuthwa, musiye kanyenyeswa ka milimita imodzi, kenako mukasale ndi mpeni. Kuthyola ndi zala kumang'amba pulasitiki n'kusiya dzenje loyera pa chidutswacho.

Ntchito yeniyeni ili pa msoko umene zigawo za thupi zimakumanirana. Pa ndege msoko umabisala pakati pa mapiko ndi zolemba. Apa thupi ndi lozungulira, lalitali, lakuda, lopanda kanthu koti diso lithawireko, ndiye kamzere kakang'ono kamaoneka munthu ali pakhomo. Yambani mwa kuphatikiza zigawozo popanda guluu, muone poyang'ana kuwala ngati pali mpata. Mukakhutira, zigwireni ndi tepi ya pepala pa malo atatu kapena anayi, n'kuyamba kumata kuchokera kutsogolo, masentimita asanu okha nthawi imodzi. Guluu woyenera ndi wamadzimadzi wosungunula pulasitiki, monga Tamiya Extra Thin. Mukangokhudza msoko ndi kaburashi amayenda yekha mu mpatamo. Dikirani masekondi 20 kapena 30, finyani, mpaka kamzere ka pulasitiki yosungunuka katumphuke kunja. Kamzere kameneko ndiko kamatseka mpata, ndipo musakapukute. Guluuyu akafika pansi pa tepi kapena pansi pa chala amasindikiza chidindo pa thupi, choncho chotsani tepi ya pamalo amene mukufikapo musanaikepo guluu.

Siyani tsiku lathunthu. Ambiri amalakwitsa apa chifukwa kunja kumaoneka kouma pakatha ola limodzi pamene m'kati mukadali mofewa. Mukapala msanga, msoko umaoneka wosalala lero, koma patapita mlungu pulasitiki ikauma n'kufota, kamzere kamabweranso pansi pa utoto. Mawa lake palani kotumphukako ndi msana wa mpeni, kenako sandipepa wa m'madzi wa 400, 600 ndi 1000, amene mumapeza m'mahadiweya a ku Kamwala mu Lusaka kapena kwa ogulitsa utoto wa galimoto. Musakhule motsata utali wa sitima ndi kathabwa, mudzaphwatalala msana ndipo sitima yozungulira idzakhala ndi nthiti. Dulani kalamba ka sandipepa ka sentimita imodzi m'lifupi, gwirani nsonga zonse ziwiri, muzikoka uku ndi uku modutsa msokowo, monga amachitira opukuta nsapato pa Cairo Road ndi kansalu kawo. Samalani ndi mizere yozungulira thupi. HA-19 inamangidwa m'zigawo zitatu zolumikizidwa ndi mabawuti, ndiye malo olumikizirawo ayenera kuoneka. Phimbani ndi tepi musanakhule, ndipo ngati yafafanizika ibwezereni ndi nsonga ya singano mutatsamiritsa ku tepi yolimba.

Pakatsala timaenje, putty wa galimoto amagwira ntchito, koma wopyapyala kwambiri. Ali ndi thina wamphamvu amene amadya pulasitiki akaunjikana, komanso amafota masiku angapo. Dontho la supaguluu limatseka kabowo mwachangu ndipo silifota, bola mulikhule lisanathe ola, chifukwa likakhalitsa limalimba kuposa pulasitiki ndipo sandipepa amayamba kudya m'mbali n'kusiya chulu pakati.

Zosalimba ndi ziwiri: chitsulo choteteza matopido kutsogolo, chija chooneka ngati nambala 8 chifukwa matopido awiri a mamilimita 450 anali limodzi pamwamba pa linzake, ndi za kumchira. Izi zimateni pomalizira penipeni, mutatha kukhula ndi kuboola konse. Kumchira kuli mapulopela awiri pa mtanda umodzi, ozungulira mosemphana kuti sitima yowonda chonchi isamagubuduzike yokha. Yakutsogolo inali mamita 1.35, yakumbuyo 1.25. Pa 1/72 kusiyanako sikukwana milimita imodzi ndi theka, ndipo mukazidula zonse n'kuziika patebulo simudzadziwanso ili kuti ndi iti. Dulani imodzi, imateni, kenako inzake. Mapiko a ziwirizo ayenera kupendekeka mosiyana. 

Mawaya ochoka pa kansanja kupita kutsogolo ndi kumbuyo amaoneka bwino mukagwiritsa kachingwe kamodzi ka kopa kochokera m'chingwe chakale cha magetsi. Ka mamilimita 0.2 kakuimira waya wa mamilimita 14 pa sitima yeniyeni, ndipo n'kokwana. Kawongoleni pokagubuduza pa galasi ndi rula yachitsulo. Ulusi wosokera umatuluka ubweya ukapentedwa ndipo umakola fumbi.

Tsopano za kusandutsa kasitimaka kukhala ka pa ulendo wa mabondi. Chisankhochi chichitike musanatseke thupi, chifukwa zonse zofunika zimachitikira m'kati. Pezani zithunzi za 1942 ndi 1943 pa intaneti, zilipo zambiri za m'mizinda yosiyanasiyana, musankhe chimodzi chooneka bwino m'mbali n'kutsatira chimenecho. Yezani utali wa sitima pa chithunzi, gawani 332, amene ndi mamilimita a utali wa kasitima kanu, ndi utali umenewo m'mamilimita, ndipo nambala imene mwapeza ndiyo muzichulukitsa nayo muyeso uliwonse wa pa chithunzipo. Mazenera ndi aang'ono kuposa mmene maso amakuuzirani: zenera la masentimita 30 pa sitima yeniyeni ndi mamilimita anayi okha apa. Matani tepi ya pepala m'mbali mwa thupi, jambulani mazenera onse pa tepiyo ndi pensulo yosongoka pa mzere umodzi wowongoka, kenako bayani pakati pa lililonse ndi singano kuti kabowolero kasaterereke pa malo ozungulirawo. Boolani ndi dzanja, kuyamba ndi ka 0.8, kenako ka 2, n'kumalizitsa ngodya ndi katupa kakang'ono ka makona anayi. Drilo ya magetsi imazungulira msanga, imatenthetsa pulasitiki, ndipo m'malo moboola imasungunula n'kukulunga phala pa chitsulo.

Khoma la pulasitiki ndi lochindikala poyerekeza ndi chitsulo chenicheni. Milimita imodzi pa 1/72 ikuimira masentimita asanu ndi awiri, ndiye zenera limaoneka ngati laboola mpanda wa konkire. Palani m'kati mozungulira bowo lililonse ndi mpeni wopindika mpaka m'mphepete mupyapyale. Mukayang'anitsa ku nyali n'kuona kuwala kukuyamba kudutsa, imani. Galasi lake dulani ku pulasitiki yoonekera ya mapaketi a mabatire kapena a miswachi, mumate cham'kati ndi guluu woyera wa akalipentala. Supaguluu amatulutsa nthunzi imene imayeretsa pulasitiki yoonekera, ndipo m'thupi lotsekeka nthunziyo ilibe kothawira, imachita chifunga pa mazenera onse nthawi imodzi. M'kati monse pentani imvi yakuda. Pa mazenera a mamilimita anayi sipaoneka zambiri, kotero musataye mlungu kupanga injini yonse. Timabokosi tingapo toimira mabatire ndi tizidole tiwiri ta 1/72 pansi pa kansanja n'zokwanira. Ngati mudzamangirira sitimayo pa thabwa, ino ndiyo nthawi yoboola pansi ndi kumata manati awiri a M3 m'kati ndi epoxy.

Ngolo ndiyo imadya nthawi kuposa sitima. Mupanga nokha ndi pepala la pulasitiki la milimita imodzi, ndipo magudumu ndi mutu wa lole mutenga ku bokosi lina la magalimoto a asilikali a America a 1/72. A 1/76 amayandikira ndithu, diso silikana. Chenjerani ndi pulasitiki yotola. Makadi akale a ku banki ndi a PVC, ndipo guluu wosungunula uja sawagwira, amafuna supaguluu. Imene imamatika ndi yolembedwa PS kapena nambala 6 pansi pake, monga makapu ena a yogati ndi makesi a ma CD. Zikwangwani zolimbikitsa anthu kugula mabondi lembani pa kompyuta mukasindikizitse ndi makina a laser, chifukwa inki ya madzi imayenderera ikakhudzana ndi guluu woyera. Gulu la anthu likhalepo, ngakhale asanu okha ataima pamzere. Munthu wa mamita 1.7 ndi masentimita 2.4 pa sikelo imeneyi, ndipo ndi iye amene amaonetsa woonera kuti anthu awiri anatsekeredwa m'chinthu chopapatiza bwanji.

Kuonetsa sabumarini ya mdani pofuna ndalama sikunayambe ndi HA-19. Mu Epulo 1916 sabumarini ya Germany yotchera mabomba m'nyanja, UC-5, inatitimira pa mchenga kugombe la kummawa kwa England. Anaionetsa pa mtsinje wa Thames ku London, ndipo mu 1917 anaitengera ku Central Park ku New York, n'kuipatsa dzina loti U-Buy-a-Bond. Sabumarini ina ya Germany, U-505, imene gulu la sitima za nkhondo za America lotsogozedwa ndi Daniel Gallery linagwira pa 4 Juni 1944 kunyanja ya kumadzulo kwa Africa, anaibisa ku Bermuda kuti Ajeremani asadziwe kuti mabuku awo a zinsinsi agwidwa, ndipo inayamba kuzungulira madoko a kummawa kwa America mu 1945 Germany itagonja. Ili ku Chicago kuyambira 1954. Revell imapanga U-505 pa 1/72 yomweyi, koma imapitirira mita imodzi m'litali. Ndalama yoitumizira ku Lusaka, utoto wake ndi malo oiika m'nyumba ndi nkhani ina, ndipo msoko umene tafotokoza uja umatalika katatu. Yambani ndi yaing'onoyi.

Utoto wake ndi wakuda, koma wakuda bii wa m'botolo, monga Tamiya XF-1 payekha, umameza zonse zimene mwavutikira. Mabawuti ndi mizere zimasowa, chimatsala ndi chithunzithunzi. XF-69 ndi wabwinopo chifukwa ndi wakuda wopita ku imvi, kapena sakanizani magawo atatu a XF-1 ndi gawo limodzi la XF-63, wa imvi. Wakuda weniweni musungire m'mizere ndi pansi pa mimba. Yambani ndi primer, utoto woyambira, wa imvi wopyapyala, amene adzakuonetsani pomwe msoko ukadalipo. Konzani pamenepo musanapitirire. Pa airbrush sungunulani gawo limodzi la utoto ndi gawo limodzi ndi theka kapena awiri a thina wa X-20A, mphepo ya 15 mpaka 20 psi, dzanja masentimita 10 kapena 15 kuchoka pa thupi. Mowa wa isopropyl wa ku famase umasungunula utoto wa Tamiya, koma wa Vallejo umauundanitsa n'kutseka airbrush. Thina wa galimoto ndi mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo asayandikire pulasitiki yosapenta.

Nyengo ya Lusaka imalowerera kwambiri apa. Mu Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 30, utoto wopopera umauma uli m'malere n'kugwa pa thupi ngati mchenga. Poperani m'mamawa, onjezerani thina pang'ono, yandikizani dzanja. Mu Ogasiti ndi Seputembala mdani ndi fumbi la mphepo, ndipo pa chinthu chakuda kachitsotso kalikonse kamaoneka. Mukangomaliza kupopera vundikirani ndi beseni lapulasitiki loyera, mutatsamiritsa mbali imodzi pa kabokosi ka machesi kuti mpweya uzituluka. Nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, vanishi wopopera amakola chinyezi n'kuchita mkaka. Pa ndege ya imvi mwina simungaone, pa sabumarini yakuda ndi ngozi. Dikirani masana a tsiku lowala. Ndipo kasitima kapena bokosi lake musasiye m'galimoto yoima padzuwa, thupi lalitali lowonda chonchi limapindika ndipo siliwongokanso bwino.

Opanda airbrush, kapena amene malaiti amawathawa ntchito ili pakati, burashi yophwatalala yofewa imakwanitsa: kupaka katatu mopyapyala, koyamba kuoneke ngati kwalephera, maola angapo pakati pake, osabwereza pamalo pamene payamba kuuma. Zitini zopopera za ku hadiweya zili ndi thina waukali amene amakwinyitsa pulasitiki mukathira wambiri. Ngati ndi zokhazo zimene zilipo, yesani kaye pa chimango chotsala, poperani muli masentimita 30, nkhungu chabe kawiri koyamba. Dzimbiri musachulukitse. Ambiri amakonda kupaka sabumarini iliyonse mizere yofiira ngati yakhala zaka pa doko, pamene iyi inali yatsopano pa Pearl Harbor, ndipo pa ngolo inali chinthu chokonzedwa kuti anthu achione. Fumbi la pamsewu pa magudumu ndi pansi pa ngolo ndilo loyenera, ndipo choko cha pastel chopalidwa ndi mpeni chimachita bwino.

Bokosi la Sydney musaligule poganiza kuti n'chimodzimodzi. Masitima amene analowa doko la Sydney usiku wa pa 31 Meyi 1942 anali atasinthidwa kutsogolo, ataikidwa zodulira maukonde zina, ndiye HA-19 situluka bwino m'bokosi limenelo. Koma nalonso lili ndi ulendo wake. Mwa atatu amene analowa, imodzi inaponya topido imene inamiza sitima ya Australia ya HMAS Kuttabul n'kupha anthu 21, ndipo inasowa mpaka 2006. Ziwiri zinazo anazivuula, anaphatikiza zidutswa zake kukhala sitima imodzi, n'kuiyendetsa pamsewu m'madera a New South Wales, Victoria ndi South Australia kusonkhetsa ndalama zothandizira asilikali a panyanja, mpaka inafika ku Australian War Memorial ku Canberra mu Epulo 1943. Kwa ife kuno bokosi limenelo lili ndi kake: usiku wa pa 30 Meyi 1942, sitima ya mtundu womwewu inalowa doko la Diego Suarez ku Madagascar, inavulaza sitima ya nkhondo ya Britain ya HMS Ramillies ndi kumiza sitima ya mafuta ya British Loyalty. Chaka chomwecho asilikali a Northern Rhodesia Regiment ndi a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anatumizidwa pa chilumbacho. Aphunzitsi a mbiri amene akufuna chinthu chogwirika choonetsa ana m'kalasi angachite bwino kusankha limenelo.

Kuti bokosi lifike ku Lusaka njira yodalirika ndi kuitanitsa pa intaneti ku masitolo a ku Japan monga HobbyLink Japan. Ndi pulasitiki yokhayokha, yopepuka, ndiye imakwera ndege popanda vuto. Powerengera mtengo onjezani ndalama yotumizira, msonkho wa ZRA (bungwe la misonkho la Zambia) ndi VAT ya 16 peresenti, imene amaiwerengera pamwamba pa zonsezo, osati pa mtengo wa bokosi wokha. Guluu wamadzimadzi, thina ndi zitini zopopera zimayaka moto, kotero ogulitsa ambiri sazitumiza pa ndege. Izi ndi zotuma munthu wobwera pamsewu kuchokera ku Johannesburg, mabotolo atakulungidwa m'pepala la pulasitiki ataimirira. Botolo limodzi la guluu limamata mabokosi ambiri, ndipo kabotolo kamodzi ka utoto wakuda ka mamililita 10 kamakwanira sitima ndi ngolo yomwe. Thabwa la pansi, la mukwa la masentimita 50 ndi 12, akalipentala a ku Buseko amakudulirani ku zotsala. Lisiyeni m'nyumba milungu ingapo musanamangirirepo kanthu, chifukwa thabwa laliwisi likamauma limapotoka n'kuthyola ngolo.

Mwana wosakwana zaka 12 musamupatse yekha, chifukwa cha mpeni, nthunzi ya guluu ndi tizidutswa ta kumchira. Woyamba kumene amange sitimayo monga ilili m'bokosi, aphunzirepo msoko ndi utoto wakuda, zimene zimatheka m'masabata awiri madzulo okhaokha. Amene akufuna ya mazenera ndi ngolo aitanitse mabokosi awiri nthawi imodzi. Ndalama yotumizira sisintha kwenikweni, ndipo zenera limodzi likapotoka pa mzere wa mazenera, kulitseka n'kuboolanso pa thupi lozungulira kumavuta kuposa kuyamba ndi chigawo chatsopano.